Malovu a Augustine

Wokondedwa Priscilla,

Ndikhulupirira uli bwino ku Lilongweko. Kuno ku Ngabu dzuwa likuotcha, koma tilipo.

Sabata yatha kunabwera anthu a kafukufuku wa matenda a misala. Akuti akufufuza ngati matendawa amayenda m'magazi. Mchimwene wako Augustine, poti ndiye wodwala, anamulavulitsa m'kabotolo, ife abwinobwinofe tinalavulanso kuti akafananize. Anavomera yekha n'kusaina, atakhala phee ngati munthu.

Kenako mtsikana wina anatenga pepala n'kuyamba kulemba mtundu wathu wonse. Anandifunsa kuti, "Amayi, alipo wina amene anadwalapo chonchi?" Ndinati kuchimuna kwathu kuno kulibe. Ndinatchula malemu mayi ako, agogo ako a ku Nsanje amene ankayankhula okha, ndi malume ako anakadziponya mu Shire aja. Mtsikanayo anati zonsezi ndi zachinsinsi, ndiponso malovu sangaloze kuti uyu adzadwala, uyu ayi. Iye ndi wophunzira, koma ine ndili ndi maso.

Lachiwiri ndinakumana kumsika ndi mayi ake a Francisco, bwenzi lako lija. Anafunsa za galimoto ya akafukufuku imene inaima pakhomo pathu, ndipo ukundidziwa, ine kunama sinditha. Anangomanga nsomba zawo n'kumapita osatsanzika. Za ukwati wanu wa mu Ogasiti ukamva kwa iwo, ine ndisachite kulankhulira eni ake.

Ndamvanso kuti madiresi ayamba kukuthina pamimba. Uzigona mokwanira, mwana wanga. Mayi akonso zinawayamba atangobereka iwe.

Ndine azakhali ako,
Josephine