Thoko ndi Chilango cha Imfa

Alamu,

Muli bwanji ndi ana? Kuno ku Maryhill tilipo, koma BP yanga yakwera chifukwa cha mwana wathu Thoko.

Kusukulu yawo ya zamalamulo akukangana za chilango cha imfa. Lamlungu titaweruka kutchalitchi anandiuza kuti m'kalasi ananena kuti ngakhale munthu amene anabaya achimwene anga, amuna anu aja, sayenera kunyongedwa. Dzina la malemu kulitchula pamaso pa alendo! Ndinamenya tebulo. Ndinati, "Kuyunivesite sindinapiteko ine, koma mabala awo ndinawaona ndi maso angawa." Iye anangoti, "Adadi, inenso ndinawalira," n'kutuluka. Mpaka pano foni yanga sakuyankha.

Chonde muimbireni. Munataya mwamuna ndinu, mwina akumverani. Koma musamukalipire, kukalipa ndakalipa kale ine.

Mulungu akusungeni.

Mlamu wanu,
Bambo a Thoko