Chithunzi cha pamaliro a Rigoberto

Ofelia 09:12
alamu musandinamize. chithunzi cha Yesenia wanga chili pa foni ya aliyense, akuti ndi amene anaombera ana kusukulu dzulo. wachitulutsa ndani

Herlinda 09:25
ine ndangochiona ngati wina aliyense. Texas yonse ili nacho

Ofelia 09:26
nchapamaliro a mchimwene wanu Rigoberto chija. diresi yakuda. munajambula ndinu ndi foni yanu, pa Facebook sichinapitepo

Ofelia 09:27
dzanja lili paphewa pakelo ndi langa. mutu wanga audula

Ofelia 09:41
mwawerenga ndaona

Herlinda 10:03
ndili kutchalitchi tikukonza makandulo a ana amwalirawa. pls osati lero

Ofelia 10:05
[mawu 0:41] Osati lero chani? Dzulo mwanayo anali nane kukhitchini tikukulunga ma tamale, chakudya cha chimanga chija, mpaka zija zikumveka pa wailesi. Lero kusaluni amuuza asabwere, akuti makasitomala akuopa. Ndapita ndi poto kwa anamfedwa, mkazi wina wandibweza pageti, akuti anthu ngati mwana wanga mitu yawo sikoka, ndi amene akutha ana. Woomberayo anafera konko, wanga ali moyo kubafa akulira. Akufa amalira kubafa?

Herlinda 10:30
ndinangochiika pagulu lathu la pafoni la mapemphero a korona, nthawi ya Lenti ija. aliyense amaika chithunzi cha amene akufuna timupempherere

Ofelia 10:31
amadwala chani

Herlinda 10:34
kuti Nestor abwerere kukhala mwamuna mmene Mulungu anamulengera basi. ndi mwana wa mchimwene wanga nanenso

Ofelia 10:35
dzina lake ndi Yesenia. bambo ake anafa akumuitana choncho, inu ndinu ndani

Ofelia 10:36
ndiye wachitulutsa pagulupo ndani? Eulalia mnzanu wa korona uja? mwana wake uja amangokhalira pa intaneti

Herlinda 10:38
musatchule anthu opanda umboni alamu

Ofelia 10:38
kkkk lero mukudziwa umboni

Ofelia 12:14
apolisi atchula dzina. ndi mnyamata wina, si wanga. koma pikapu yoyera yaima panja kuyambira 11, anthu ali mkatimo sakutsika. apolisi akuti onse ali kusukulu tidikire

Ofelia 12:15
lembani pagulupo kuti chithunzi munaika ndinu ndipo ndi bodza. azimayi amenewo amuna awo amawamvera

Herlinda 12:40
ndilemba kuti tipempherere banja lanu

Ofelia 12:41
mapemphero anu ndi amene aimika pikapu pakhomo panga. lembani BODZA

Herlinda 12:58
a Eulalia akuti pamaliro sitiyambitsa mikangano. tidikire ana aikidwe kaye

Ofelia 13:02
awiri atsika. wina akujambula nyumba

Ofelia 13:02
alamu

Ofelia 13:03
[kuimba, sikunayankhidwe]

Ofelia 13:04
Herlinda, ndi magazi a mchimwene wako amene ali mnyumba muno. lemba