Diresi ya Pawailesi

Lolemba, 5 Malichi 2007
Tsiku lonse pakhonde, makina ali zii. Zipi imodzi ndi chigamba cha thalauza, basi. Kaunjika watimaliza ife atelala a pa Boma. Koma ndapeza nzeru. Pa wailesi yathu ya kuno anthu amatumizirana moni. Ine ndizitumiza zikomo kwa makasitomala anga, mayina athunthu. Ndani sakonda kumva dzina lake pa wailesi?

Lachisanu, 16 Malichi
Zatheka! Amayi ena a ku Mkanda apalasa njinga mpaka pano, akuti, "Ndinu telala wothokoza uja?" Mtima kuchita kuvina.

Masana kwabwera a Fanuel, amuna a mnzanga Luwiza, kuchokera ku Chipata. Nsalu yobiriwira ya maluwa agolide, akuti diresi ya Pasaka. Muyezo abweretsa pachingwe, mfundo ya pachifuwa, ya m'chiuno, ya kutalika, monga amachitira azibambo akafuna kudzidzimutsa akazi awo. Chingwecho chandichepera m'maso. Luwiza ndamusokera chikwatiwire, thupi lake ndimalidziwa ngati langa. Ndati mwina waonda. Bodza, tinali limodzi kukwaya dzulo lomweli. Nsalu yodula yanditseka pakamwa.

Loweruka, 24 Malichi
Diresi anatenga dzana. Lero muulutsi wawerenga: "Mayi Stelia Titus akuthokoza a Fanuel Saulosi, bambo wodziwa kuveka mayi akunyumba diresi ya Pasaka." Mawuwo ndinalemba ndekha. Ndimati azibambo ena achite nsanje, nawonso abwere ndi nsalu. Za chingwe chija ndinadziiwalitsa dala.

Lachiwiri, 27 Malichi
Kuchigayo azimayi amuzungulira Luwiza, nthungululu, kumuseka kuti ukalamba uno akukondedwabe. Iye mano onse panja. "Sanandionetse, akubisa mpaka Pasaka." Kenako kunditsinzinira diso ine. Ndayang'ana m'thumba la mgaiwa ngati mwagwera kanthu.

Loweruka, 31 Malichi
Kuboda kukagula ulusi. Ndayiona diresi ija. Ili m'thupi mwa kamtsikana kogulitsa mu lesitilanti ya madalaivala. Msoko wanga sindingausokoneze, ngakhale khosi ndi lomwe lija ndinalikongoletsa ndi lesi. Yamukwana bwinobwino. Ulusi sindinagule.

Lolemba, 2 Epulo
Pa Boma ponse adziwa amene akuvala diresi ija. A Fanuel aima pakhonde osapereka moni. "Mayi, ndinakutumani kusoka kapena kulengeza?" Ndinafuna kuwalalatira kuti wolakwa ndi iwo. Koma ayi. Akanakhala iwo okha, nkhani ikanathera m'nyumba. Amene ndamuimika Luwiza pabwalo kuti aliyense amuone ndine.

Njira ya kwawo ndikuizemba. Manyazi ngati ndavula pamsika.

Lachitatu, 4 Epulo
Luwiza wabwera yekha. M'manja nsalu yobiriwira ya maluwa agolide. Wagulitsa nkhuku zake, wakaisaka ku Chipata. Maso otupa koma ouma.

"Mpingo wonse ukudikira diresi ya pawailesi. Ndiyezeni."

Ndiyezeni! Luwiza amene amanditi iwe chiyambire ku pulayimale. Ndamuzunguliza tepi. Ndayamba kuti, "Mnzanga, ine sindimadziwa..." Wandiyang'ana. "Chiuno changa simuchidziwa inu?" Ndangowerama kulemba muyezo.

Lamulungu, 8 Epulo, Pasaka
Walowa m'tchalitchi mutu uli m'mwamba, a Fanuel pambuyo akuwerenga zala za kumapazi. Diresi yamukhala, ndinaisoka ndi mtima wonse. Azimayi omwe akudziwa zonse aja kumuyamikira, iye kuvomera "zikomo" kwa aliyense.

Potuluka ndamuthamangira, ndati andikhululukire. Wangoti, "Mwasoka bwino. Koma dzina langa musalitumize ku wailesi."

Lachinayi, 12 Epulo
Pakhonde podzaza. Aliyense akufuna sitayilo ya Mayi Saulosi. Wina wachokera ku Chiosya, akufunsa ngati nayenso ndimutchula Loweruka. Ndati inde. Nanga nditani, ana adye chiyani?

Masana Luwiza wadutsa ndi mayunifolomu a ana ake ong'ambika, omwe ndimasoka ine teremu iliyonse. Ndaimitsa makina, ndasuntha nsalu pabenchi kuti akhale. Wandipatsa moni waulemu, wapitirira kwa telala wa kumsika.