Daniel akuchotsedwa pa cholakwa changa

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 31, ndimagwira ntchito ya makompyuta kuno ku Sheffield. Lamlungu ndikangoweruka kutchalitchi ndimathamangira kubwalo, chifukwa ndine wachiwiri kwa kochi wa timu ya mpira wa ku America pa yunivesite imene ndinaphunzira. Ndi mpira uja wa zipewa zolimba, woyenda m'manja. Anzanga amandiseka kuti ndinasiya mpira weniweni n'kukatola ndewu, koma ine ndimaukonda.

Kochi wamkulu ndi a Mukuka, bambo a ku Zambia amene anaphunzira ku America. Ndi amene anandiphunzitsa masewerawa, ndipo poti abale anga ali kutali, ndi iwo anaima ngati ankhoswe paukwati wanga. Kaseweredwe kawo amakatcha triple option. Wosewera wolandira mpira poyamba, amene timati quarterback, amakhala ndi njira zitatu: kupatsira mnzake wodutsa pakati, kuthamanga nawo yekha, kapena kuukankhira kwa wina amene akumutsatira m'mbali. Zonsezo n'zothamanga basi. Tinapambana nazo zaka zitatu, koma chaka chino matimu atitulukira. Amangounjikana kutsogolo kwathu podziwa kuti kumbuyo kwawo sikugwa mpira.

A Mukuka atatopa nazo anandiuza kuti ndiphunzitse anyamata kuponya mpira kutsogolo. Ine kusangalala, ndinakatola masewero khumi ndi awiri oponya mpira m'mavidiyo a matimu akuluakulu. Tikafuna kuthamanga, quarterback wathu, Daniel, amaima pafupi ndi mzere wa anzake omutchingira adani, ndipo otchingawo amaweramira kutsogolo. Koma poponya ndinamuphunzitsa kuima kutali kumbuyo, otchingawo atakhalira zidendene.

Magemu atatu apitawa tagonja onse. Adani alanda mipira isanu ndi iwiri imene Daniel anaponya, ndipo amugwetsa kosawerengeka. A Mukuka agamula kuti mwanayu alibe mkono, ndipo tikabwerera kuchokera kutchuthi cha Khirisimasi aika wina.

Sabata yatha ndinakhala pansi n'kuonera mavidiyo a magemuwo. Daniel akangobwerera kumbuyo, adani onse amakuwa kuti akuponya, mpira usanayambe n'komwe. Komanso ndimaitanitsa kuponya pokhapokha zinthu zikafika pamwanawakanaphala, pomwe aliyense akuyembekezera kale. Mkono wa Daniel ulibe vuto. Wogulitsa timu ndine.

Pamsonkhano wotsatira, a Mukuka atabwereza zoti Daniel achoke, anandifunsa maganizo. Ndinangoti, "Inde bambo." Chiyambire sindinawatsutsepo. Potuluka Daniel ananditsatira mpaka poimika magalimoto. Iye ndi mwana wa anthu akwathu koma anabadwira ku Bolton, Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi, ndiye tsiku limenelo anadzikakamiza kuti andifike pamtima. Anati, "Ankolo, ndikulakwitsa pati? Ndiuzeni, ndikonza." Ndinamuuza kuti angolimbikira.

Chaka chino n'chomaliza kwa iye pa yunivesite. Akamuchotsa, sadzaseweranso, ndipo achoka akukhulupirira kuti ndi wolephera. Ndili ndi mantha, Aphungu. Ndikaulula, ndiye kuti ndikuuza ankhoswe anga kuti agamula molakwa, komanso kuti ntchito imene anandipatsa ndinaiwononga. Ndikakhala chete, mwana wa eni alipira mlandu wanga. Ndipange bwanji?

K.P., Sheffield

Wokondedwa K.P.,

Manyazi anapha lambe, ndipo anuwa atsala pang'ono kupha Daniel. Mwalemba ngati muli ndi mavuto awiri ofanana kukula, koma sizili choncho. Inu mukuopa mphindi khumi zochititsa manyazi m'nyumba mwa a Mukuka. Daniel akutaya chaka chake chomaliza.

"Inde bambo" wanu uja mukumutcha ulemu, koma ine ndikumutcha kubisala. Munthu wamkulu akakufunsa maganizo, iwe n'kumubisira zimene waona ndi maso ako, wamusiya agamule mumdima. Tsiku lina akadzaonera okha mavidiyowo, adzakufunsani chifukwa chimene munakhalira chete, ndipo yankho mudzalisowa.

Pitani kunyumba kwawo tchuthi chisanathe, osati kubwalo pamaso pa anyamata. Musayambe ndi mawu oti alakwitsa. Yambani ndi anu: munaphunzitsa zinthu zimene zikuulula timu. Kenako tsegulani vidiyo, kwezani mawu kuti amve adani akukuwa, inu mukhale chete. Munthu amene waphunzitsa masewerawa zaka zonsezi safunika kumulozera kawiri.

Musapite ndi kupepesa kokha, tenganinso njira. Ine mpira wanuwu sindiudziwa bwino, choncho ndinafunsa mlamu wanga amene anauseweraponso, ndipo anaseka asanamalize kuwerenga kalata yanu. Akuti masewero khumi ndi awiriwo muwataye, mutsale ndi awiri kapena atatu. Onsewo ayambe ndendende ngati mukuthamanga. Daniel aime pamalo ake a masiku onse, otchinga aweramire kutsogolo monga anazolowera, ndipo anamizire kupatsira wodutsa pakati uja. Wosewera wa m'mbali, amene adani anamuzolowera kuti amangotchinga, athamange ngati akukatchinga, kenako angodutsa. Poti adaniwo aunjikana kutsogolo, kumbuyoko akapeza kuli mbee. Akutinso muziponya zinthu zikadali bwino, pomwe aliyense akudikira kuti muthamanga.

Ine ndiwonjezerepo changa. Anyamata amene akhala zaka zitatu akungokankhana sangadzuke tsiku limodzi n'kukhala akatswiri owakha. Pokonzekera paliponse patulani nthawi yoti aziwakha mpira, ngakhale kukugwa mvula, chifukwa ku Sheffield mukadikira dzuwa mudikira mpaka kalekale.

Kwa a Mukuka mupemphe chinthu chimodzi chooneka: Daniel apatsidwe magemu awiri ndi njira yatsopanoyi, kenako agamule. Mukapempha zambiri, zidzamveka ngati mukufuna mpando wawo.

Ndikuchenjezeni. Atha kukana, ndipo atha kukuchotsani pa ntchito yophunzitsa kuponya. Ndi kochi wamkulu, ali ndi ufulu umenewo, ndipo musakayambe kunong'oneza anyamata kumbali kapena kuphunzitsa zanu mobisa. Koma yankho lawo likhale lotani, kwa Daniel muli ndi mawu oti mukanene, ndipo amenewo safunika chilolezo cha munthu. Anakufunsani funso m'chinenero chimene chimamuvuta, inu munamupatsa yankho labodza. Muimbireni lero, musanapite n'komwe kwa a Mukuka, mumuuze kuti sanalakwitse paliponse.

Aphungu