Diso lachoka, kodi kalasi ndiitenge?

Aphungu,

Loweruka lapitali ndinathira ahedi athu tiyi pathalauza. Kapu ndinkaiona bwinobwino, koma chichotsereni diso langa lakumanzere, zinthu sizikhala pomwe ndikuziona. Ahediwo anadzambatuka, kenako n'kukhalanso pansi mwaulemu. "Musadandaule aphunzitsi," anatero, "ndinali nditazizidwa kale."

Ndine mphunzitsi wa masamu kusekondale, zaka makumi awiri choko chili m'manja. Chaka chatha pachikope panga panatuluka kachilonda komwe ndinkakaderera, mpaka madokotala anati ndi khansa ndipo yalowerera mkati. Miyezi iwiri yapitayo anandichita opaleshoni, n'kuchotsa diso ndi mnofu wozungulira. Bala likupola bwino.

Anandiuza kuti ndibwerere pakatha milungu itatu kukamva zomwe apeza kulabotale. Aphungu, sindinapite. Ndinatsegula intaneti n'kupeza matebulo osonyeza anthu omwe amakhalabe ndi moyo patatha zaka zisanu. Lina likuti 80 pa 100, lina 50. Ndinapeza avereji, n'kuchotserapo pang'ono chifukwa cha msinkhu wanga. Akazi anga atapeza pepalalo pansi pa pilo anati, "Bambo, maliro anu omwe mwawasandutsa homuweki?"

Chomwe ahedi anabwerera n'chakuti pofika Lachisanu la mawa akufuna kudziwa ngati nditenge kalasi yomwe idzalembe mayeso pakatha zaka ziwiri, kapena aipereke kwa wina. Anawa ndinawalandira asakudziwa kugwira kampasi. Ndikuwafuna, ndipo mphamvu ndili nazo. Koma ndikawasiya panjira? Ahediwo anakhala kwathu maola atatu, anamaliza mabisiketi onse akukamba za denga lodontha la laibulale, funsolo n'kudzalifunsa ali pakhomo, thalauza litauma. Ndiwayankhe chiyani?

K.L.M., mphunzitsi

Aphunzitsi,

Mwana wa m'kalasi mwanu akanalemba yankho asanatsegule pepala la mafunso mukanamupatsa malikisi angati? Pepala lanu lili kuchipatala, ndipo mwalichedwera milungu isanu.

Matebulo aja amaphatikiza anthu osiyana: wina chotupa chake chinali ngati njere, wina chinali chitafalikira kale, ndipo mitundu ya khansa ya pachikope imasiyana ukali. Inuyo mukudziwa kuposa ine kuti avereji ya kalasi siinena zomwe wapeza mwana mmodzi. Ine sindingakulonjezeni zaka. Chomwe ndinganene n'chakuti alipo ambiri omwe anachotsedwa diso n'kubwerera ku ntchito zawo, makamaka pomwe khansayo inachotsedwa yonse isanapite kwina.

Ndiye Lolemba m'mawa mupite. Tengani mayi aja, poti ndaona kuti saopa kulankhula, ndipo wina azilemba pomwe inu mutu ukuzungulira. Funsani dokotala kuti khansayo ndi ya mtundu wanji. Funsani ngati m'mphepete mwa mnofu womwe anachotsa munapezeka moyera, kapena munatsalira kanthu. Funsaninso ngati yafika m'timinofu ta kutsogolo kwa khutu ndi m'khosi. Akanena kuti pakufunika chithandizo china, monga chowotcha ndi makina, musabwerere m'mbuyo. Chimenecho chimakhala ndi nthawi yake, n'chifukwa chake kuzengereza kwanuku kukundidetsa nkhawa kuposa manambala anu. Pomaliza muwauze za kalasi ija mosabisa, kuti masiku a chipatala muwadziwiretu.

Diso latsalalo lisamaleni. Pezani magalasi osasweka msanga, muzivala ngakhale mukuona bwino. Za makapu musadandaule, mutu umazolowera. Pakadali pano muzigunditsa mlomo wa ketulo pakapu musanathire, ndipo alendo azikhala patali.

Kwa ahedi, ine ndikanaitenga kalasiyo ngati dokotala walola, koma ndikanapempha mphunzitsi wina woti tiziyendera limodzi, kuti masiku omwe ndili kuchipatala ana asamangokhala. Palibe mphunzitsi amene anasainapo kuti adzakhalapo pa tsiku la mayeso, ngakhale wa maso awiri.

Chenjezo langa ndi ili: khansa ikafuna kubwerera, kawirikawiri imatero m'zaka zoyambirira, nthawi yomweyo yomwe mudzakhale mutatanganidwa ndi ana anuwo. Musadumphe tsiku la chipatala ngakhale limodzi chifukwa cha mayeso oyeserera. Mukaona kachilonda kosapola pabalapo, kapena chotupa pafupi ndi khutu kapena m'khosi, musadikire tsiku lolembedwa pakhadi, ndipo musatsegule intaneti. Siyani choko pomwepo, muwauze ana amalize okha nambala yotsatira, inu mupite.