Pepala la Anamwino m'Buku Langa la Nyimbo

Nangongwe, Kafue
21 Julaye 2025

Okondedwa alongo anga a Yotamu,

Ndikhulupirira kuti kwacha bwino kumeneko ku Katete. Kuno kuzizira kwatikwana, koma tilipo.

Ndalemba kuti ndibweze mawu amene ndinakuuzani pa lamya, onena mpongozi wanga Beatrice. Mdzukulu wanga Favour ali ndi masiku asanu, anayamba kupuma mofulumira, kutopa pa bere, thukuta pamphumi mu Juni weniweni. Ine, wodziwa zonse uja, ndinagamula kuti ndi mdulo, kuti Beatrice anayenda ndi mwamuna wina ali ndi pakati, mwana wanga Abel ali ku maulendo ake a lole. Ndinanena pabwalo, anansi akumva.

Pali china chimene sindinakuuzeni. Anamwino a kuno anamva kaphokoso pamtima pa mwanayo, nalemba pepala loti akamuunike ku Lusaka. Pepalalo ndinalibisa m'buku langa la nyimbo, poganiza kuti mdulo sufuna dokotala, ufuna wolakwa aulule. Masiku asanu ndi anayi Beatrice analifunafuna, ine ndikumuthandiza kukweza matilesi. Atalipeza m'bukumo posesa sanandifunse kanthu. Anangoti, “Amai, tiyende. Minibasi ya mamawa siyembekeza.”

Kuchipatalako anamugoneka Favour chagada, namupaka mafuta ozizira pachifuwa. Dokotala, mtsikana woti ndikanamubala ine, ankayendetsa kachida konga mpini wa supuni pakati pa nthiti zake. Pa kanema panaoneka mtima, alongo, kamtima konga nthudza, zipinda zinayi, kakutseka ndi kutsegula. Mwana ankafunika kukhala phee. Nditamugwira ine analira mpaka kuuma. Beatrice atamupatsa chala choyamwa anatonthola.

Kenaka dokotala anadina batani, magazi naoneka ofiira ndi abuluu. Anatilozera pamene mitunduyo inkasokonekera. Akuti mwana aliyense amakhala ndi kamtsempha kachidule ali m'mimba, kamene kamatseka kokha akabadwa. Ka Favour sikanatseke, ndiye magazi ambiri ankathamangira ku mapapo. Ndinalimba mtima kufunsa ngati zimenezi zimabwera ndi khalidwe la mayi. Anandiyang'ana nati, “Iyayi mama, palibe wamene analakwa. Manje pepala iyi ni yakudala. Munachedwa chifukwa chani?”

Ndinadikira kulozedwa chala. Beatrice anapukuta mafuta pachifuwa pa mwana nati, “Ba dokota, pepala inasoba chabe mu nyumba.”

Bwenzi atanditukwana, ndikanapepukidwa. Ine ndinamuvula pamaso pa Nangongwe yense, iye anandifunditsa pamaso pa mlendo mmodzi. Manyazi amenewa sindinawamvepo chibadwire.

Favour anagonekedwa sabata. Akumwa mankhwala ochotsa madzi m'mapapo, ndipo akuyamwa bwinoko. Lachinayi tikabwereranso kuti akaone ngati kamtsempha kachepa; kakakana, akuti adzamuchita opaleshoni. Dokotala anati masiku aja anamutopetsa mtima, ndipo ine ndimawawerenga tsiku lililonse. Abel sakudziwa za pepalalo. Akafika Loweruka ndidzamuuza ndekha, asamve kwa wina.

Pempho langa ndi ili. Aliyense amene munamufotokozera nkhani ija, mupitenso pakhomo pake mukanene kuti Nelly ananama. Musachepetse, musati ndinasokonezeka ndi chisoni. Kwa anansi a kuno ndayamba kale, khomo ndi khomo. Mankhwala a mdulo amene ndinakupemphani musatumize.

Mundiperekere moni kwa alamu anga ndi ana onse. Ndikanakonda kulemba kuti Beatrice akupereka moni, koma mabodza andikwana. Amandipatsa tiyi mwaulemu, amayankha ndikafunsa, koma akamapita kosamba, mwana amakamusiya kwa anansi, ine ndili pomwepo manja ali chabe. Sindidandaula. Tsiku limene adzandisiyire Favour ndidzakulemberani.

Ndine mlongo wanu wochita manyazi,
Nelly