Vani ya Bambo Anu Siinafe

Amake Salote,

Pepani, mukabwera kuchokera kumsika simundipeza pakhomo. Ndathamangira kutauni ku Labasa pa basi.

Zadzulo zija musadziimbe nazo mlandu. Vani sinazime pamtunda paja chifukwa cha kayendetsedwe kanu. Ndaiyesa ndekha m'mawa uno. Ndikaponda mafuta imayamba yatsamwa, kenako kumbuyo phuu! ngati mfuti, mpaka agalu athawira m'munda wa nzimbe. A Waisake apafupiwa atuluka akukuwa, "Achimwene, nkhondo yayamba osatiuza?"

Poyamba ndimakayikira sefa ya petulo, koma ili bwino. Nditamasula mapulagi ndapeza awiri ada bii, ndipo waya wa pulagi imodzi wang'ambika, moto ukuthawira pambali. Matenda ake ndi omwewo basi. Ndapita kukagula zatsopano.

Chonde musailize ndisanabwere. Mlongo wanu akabweranso ndi nkhani yoigulitsa kwa ophwasula magalimoto, mumupatse tiyi, makiyi ayi. Ndikudziwa kuti misozi yanu yadzulo sinali yolirira chitsulo. Mpando wa m'vanimo ukadali ndi fungo la fodya wa malemu bambo anu.

Auzeni amayi anu asade nkhawa. Lachinayi kuchipatala adzapita atakhala kutsogolo, pamalo pawo.

Ndine,
Josefa